Hilux yanga inawira pa Khwekhwerere: ndisinthe gasiketi kapena ndigule injini ina?

"Bambo makaniko, ndili ndi Hilux ya dizilo, injini ya KZ-TE, yomwe ndimanyamulira kachewere ndi kabichi kuchokera ku Lizulu kupita kunyanja. Sabata yatha ndikubwerera nditasenza matumba a usipa, ndikukwera Khwekhwerere masana, geji inakwera mpaka pofiira. Ndinaima, ndinathira madzi a pamjigo, ndinapitiriza. Ndisanafike pa Masasa inawiranso kawiri. Tsopano m'mawa ikumavuta kulira, ikumatulutsa utsi woyera, ndipo madzi mu rediyeta sakutha tsiku asanatsike. Makaniko wina akuti gasiketi yapsa, aisintha tsiku limodzi pa mtengo wochepa. Wina wanditchulira mtengo woposa pamenepo katatu, akuti hedi ipite kaye ku Lilongwe akaiyeze. Mlamu wanga akuti ndingogula injini ina. Kodi wachiwiriyu sakufuna kundibera?" Wowerenga wa ku Ntcheu.

Pepani bambo ndi ulendo wowawawo. Mtima ukhale m'malo. Injini yomwe ikulirabe, ingakhale ikutsokomola m'mawa, nthawi zambiri imapulumuka. Ndagwira sipanala zaka zoposa 20, ma KZ ngati yanuyo ndatsegulapo ambiri, ndipo ochuluka akusenzabe katundu mpaka lero. Koma musanapitirire kuwerenga, kazuleni kiyi m'galimotomo mumuike m'thumba. Musailizenso. Kuvuta kulira m'mawa pamodzi ndi utsi woyera kukutiuza kuti usiku madzi akumadonthera mu silinda. Pisitoni ya injini yanuyo ikafika pamwamba, malo omwe amatsala sakwana n'komwe masipuni atatu a madzi. Mpweya umalola kupanikizidwa, madzi salola. M'mawa womwe adzadonthere ochulukirapo, sitata idzatembenuza injini, pisitoni idzagunda madziwo ngati yagunda thanthwe, konirodi, chitsulo chogwira pisitoni kumunsi, n'kupindika. Zikafika pamenepo nkhani ya gasiketi imakhala yatha, tikukamba zotsitsa injini yonse.

Tsopano funso lanu. Malinga ndi zomwe mwafotokozazi, makaniko wachiwiri uja sakukuberani. Ndi iyeyo amene akulankhula ngati munthu woti analumidwapo.

Gasiketi ndi kachinthu kopyapyala kogona pakati pa buloko, thunthu la injini momwe muli masilinda, ndi hedi yomwe imavundikira pamwamba pake. Ntchito yake ndi kulekanitsa zinthu zitatu zoyenda moyandikana: moto wa mu silinda, madzi oziziritsa injini, ndi oyilo. Pa dizilo kachinthuka kamaona zowawa kuposa pa petulo, chifukwa dizilo alibe sipaki pulagi, amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Injini ya petulo imapanikiza mpweya pafupifupi ka 10, pamene 1KZ-TE yanuyo imapanikiza ka 21, kuonjezapo turbo yomwe ikukankhiramo mpweya wina. Ngakhale zili choncho, gasiketi yomangidwa bwino imatha kukhala moyo wonse wa galimoto. Siipsa yokha. Imapsa chifukwa china chake chaipsereza, ndipo pafupifupi nthawi zonse chinthucho ndi kutentha.

Onani zomwe zinachitika paphiri paja. Buloko ya injini yanu ndi yachitsulo, koma hedi ndi ya aluminiyamu. Aluminiyamu akatenthedwa amafufuma pafupifupi kawiri poyerekeza ndi chitsulo. Injini itawira, hedi inafufuma koma mabawuti anaigwira, ndiye inafinya gasiketi ndipo iyo yomwe inakhota. Kenako munathira madzi ozizira pa chitsulo chamoto. Sindikukudzudzulani, madzi akatayika saoleka, ndipo aliyense amene waima pa Khwekhwerere dzuwa lili pamutu ndi katundu woti akagulitse angachite chimodzimodzi. Koma mayi aliyense amadziwa zomwe zimachitika ukathira madzi ozizira mu mphika wadothi wongouphula kumene. Injini imeneyi, yomwe inayamba kutuluka mu 1993, ndi yolimba kwambiri kumunsi, koma amakaniko kulikonse komwe inafika amaidziwa pa chinthu chimodzi: ikawira kwambiri hedi yake imakonda kung'ambika, makamaka pakati pa mavavu ndi pafupi ndi timapanga ta m'hedi momwe moto umayambira. Zomwezinso timaziona pa 4D56 ya Mitsubishi ndi WL ya Mazda ndi Ford Ranger zakale. Yanu inawira katatu pa ulendo umodzi. Ndikanakhala wobetcha, sindikanaika ndalama yanga pa gasiketi yokha.

Vuto ndi lakuti gasiketi yopsa ndi hedi yong'ambika zimadwala mofanana. Utsi woyera womwewo, madzi kutha komweko, thovu lomwelo mu rediyeta. Palibe makaniko, ngakhale wa imvi, amene angasiyanitse ziwirizi poyang'ana ndi maso bonati ili yotsegula.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi thumba langa. Ndili mnyamata, nditangoyamba kugwira ndekha, kunabwera minibasi yowira. Mwini wake anali ndi changu, ine ndinali ndi njala. Ndinatsitsa hedi, ndinaipukuta, ndinaiyang'ana padzuwa, inkaoneka yosalala ngati mbale. Ndinaika gasiketi yatsopano, madzulo galimoto inatuluka, tonse tikuseka. Patangotha masabata atatu inabwera yokokedwa. Ulendo uno hedi ndinapita nayo kwa oyeza. Anatseka mabowo onse a madzi, anapoperamo mpweya, n'kuimiza mu thanki ya madzi otentha. Kwa mphindi zingapo panalibe kanthu. Chitsulo chitatenthedwa, pakati pa mavavu a silinda yachitatu panayamba kutuluka timathovu ting'onoting'ono, tondondozana ngati nyerere. Ataivuula anandionetsa pamalopo: kamzere kochepa kuposa tsitsi, koti ndinakadutsa ndi chala changa osakamva. Gasiketi yachiwiri, oyilo ndi ntchito yonse ndinalipira ndine. Chiyambire tsikulo hedi ya dizilo yowira siibwerera pa buloko m'manja mwanga isanayezedwe.

Asanamasule bawuti ngakhale imodzi, pali zoyamba kuona, ndipo muumirire kuti azichita inu muli pomwepo. Achotse ma heater plug onse anayi, omwe amatenthetsa injini poiliza ili yozizira, kenako atembenuze injini ndi sitata. Mabowo ali otsegula chonchi palibe choopsa, ndipo silinda yomwe mukulowa madzi idzawalavula poyera. Amangirire kapampu kopopera mpweya pakamwa pa rediyeta aone ngati pulesha ikutsika, n'kufufuza komwe madzi akuthawira. Nthawi zina mumapeza paipi yobooka kuseri kwa injini, yomwe ndiyo inayambitsa zonse. Akabwezeretsa ma heater plug, silinda zili zouma, angathe kuiliza pang'ono ili yozizira, chivundikiro cha rediyeta chili chochotsa. Thovu lotuluka mosalekeza, kapena paipi yaikulu yapamwamba kuuma gwaa injini isanatenthe n'komwe, ndi chizindikiro chakuti mpweya wa mu silinda ukulowa m'madzi. Magalaja ena ali ndi mankhwala abuluu onunkhiza mpweya wa mu rediyeta, omwe amasintha mtundu akakumana ndi utsi. Ndi abwino, koma pa dizilo nthawi zina amangokhala chete vuto lilipo, choncho asakhale mboni yokhayo. Solaninso dipisitiki muyang'ane. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, kapena akakwera kupitirira mzere wake, madzi afika kale ku sampu, pansi pa injini pokhala oyilo, ndipo mabering'i akhala akusamba m'madzi.

Kwa ena owerenga amene galimoto zawo sizinawire koma zikuonetsa zizindikiro zofananazi, dziwani kuti gasiketi imanamiziridwa milandu yambiri. Oyilo woyandama mu rediyeta kawirikawiri amachokera ku oil cooler, choziziritsa oyilo, ikabooka. Pa ma dizilo atsopano a common rail, EGR cooler, choziziritsa utsi wobwezedwa mu injini, ikabooka madzi amatha ndipo utsi woyera umatuluka hedi ili bwinobwino. Pa galimoto za automatic, mafuta a giyabokosi amadutsa m'munsi mwa rediyeta ndipo amatha kusakanikirana ndi madzi. Utsi woyera wonunkha dizilo, woyabwa m'maso, ndi wa ma injector kapena ma heater plug. Wa madzi ndi nthunzi, umazimirira msanga. Ndaonapo anthu akulipira ntchito ya hedi vuto lili chivundikiro cha rediyeta. Koma inu bambo, ndi mbiri mwanenayi, hedi itsika basi.

Ikatsika, ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi wosathawika, chifukwa makina oyezera ndi osikimira sapezeka pa galaja iliyonse. Kumeneko achita zinthu ziwiri: kuyeza mng'alu monga ndafotokozera, ndi kuyeza kukhota. Amagoneka chitsulo chowongoka pamwamba pa hedi n'kumalowetsa timapepala tachitsulo pansi pake. Mabuku a injini zambiri za mtunduwu amalola kukhota kwa pakati pa 0.05 ndi 0.2 mm basi, kukhuthala kwa tsitsi limodzi kapena awiri. Ikakhota pang'ono amaisikima, kutanthauza kupala pamwamba pake kuti pasalale. Koma kusikima kuli ndi malire. Ukapala kwambiri mavavu amayandikira mapisitoni, ndipo hedi yomwe inasikimidwapo kale kawiri ndi yotopa. Musalole kuti wina aipale ndi sandipepa pa galasi, zomwe ndimaziona pansi pa mitengo. Pamwamba pa buloko payezedwenso.

Pali chinthu china chomwe makaniko wozolowera petulo amaphonya. Gasiketi za dizilo sizofanana kukhuthala. Pisitoni ya dizilo imatulukira pang'ono pamwamba pa buloko, ndipo makaniko amayenera kuyeza kutulukirako kuti asankhe gasiketi yoyenera. Opanga amaika timabowo, timano kapena chilembo m'mphepete mwake posonyeza kukhuthala. Mukapita kusitolo, tengani yakale ija m'manja. Yopyapyala kwambiri, pisitoni imapsompsona hedi. Yokhuthala kwambiri, galimoto imavuta kulira m'mawa ndipo imafuka. Mabawuti a hedi, omwe pa injini yanu alipo 18, amamangidwa motsatira ndondomeko, kuyambira pakati kupita kumapeto, poyamba ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, kenako kuwapotoza madigiri 90 kawiri. Kumanga kotereku kumawatamula, n'chifukwa chake akale amayenera kuyezedwa, ndipo pa injini yowira ine ndimangoika atsopano. Funsani makaniko wanu funso limodzi lokha: "Torque wrench yanu ili kuti?" Akakuyankhani kuti dzanja lake limadziwa, n'kukulozerani chipaipi chomwe amalumikiza ku sipanala, kokani galimoto yanu mupite kwina.

Tibwere ku ndalama. Sindikulemberani chiwerengero cha makwacha, chifukwa mtengo wa sipeya masiku ano sugona. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo sipeya zathu zimachokera ku Johannesburg, ku Dubai ndi ku Dar es Salaam, zogula ndi randi ndi dola. Mtengo womwe mungamve ku Biwi, ku Lilongwe, lero si womwe mudzaupeze mwezi wamawa. Chomwe sichisintha ndi momwe bilu imakulira.

Gasiketi yeniyeniyo ndi kagawo kochepa. Mtengo wa makaniko woyamba uja ndi wa gasiketi ndi manja ake a tsiku limodzi, basi. Wachiwiri ayenera kuti wawerengera gasiketi yabwino pamodzi ndi tinzake tonse ta pamwamba pa injini, mabawuti, kuyeza ndi kusikima hedi, kupera mavavu ndi kusintha timasilo take, thiransipoti yopita ndi kubwera, oyilo ndi fyuluta, kulanti wothira mu rediyeta, thermostat, chivundikiro cha rediyeta, ndi ntchito ya masiku awiri kapena atatu. Zimenezi kufika katatu pa mtengo woyamba sizikundidabwitsa. Muuzeni akulembereni papepala chinthu ndi chinthu ndi mtengo wake, sipeya payokha, ntchito payokha. Makaniko woona sakana zimenezo, ndipo ambiri amalola kuti sipeya mukagule nokha iye akuperekezani. Timing belt imatsika ndithu pa ntchito imeneyi, choncho ngati yayandikira makilomita 100,000 kapena yanyowa ndi oyilo, isintheni pompano pamodzi ndi tenshonala yake; mukadikira mudzalipira manja kawiri.

Hedi ikapezeka yong'ambika, bilu imalumpha. Pa ntchito zomwe zadutsa m'manja mwanga, hedi yokha imadya ndalama zoposa zina zonse zija kuphatikiza pamodzi. Apa pali njira zitatu, ndipo sindizikonda mofanana. Kuwotcherera mng'alu ndikotchipa, koma pa dizilo, pamalo pomwe moto umaomba, sindinaone kukukhalitsa; ndimakulola kokha pa galimoto yoti ifike kwawo. Hedi yakale yochotsa pa injini ina ndi juga, chifukwa matenda a mtundu umenewu ndi a banja lonse. Ngati mukugula, mgwirizano ukhale wakuti ndalama ituluka hediyo ikapambana mayeso, ndipo wogulitsa wokana zimenezo wakuuzani kale zoona. Hedi yatsopano ndiyo njira yogonetsa tulo. Zilipo zopanda kanthu, zoti musamutsiremo mavavu ndi camshaft yanu, ndi zina zobwera zathunthu. Zosakhala za Toyota zilipo zabwino ndi zachabechabe, ndipo bokosi silinena. Funsani amakaniko awiri atatu kuti ndi iti yomwe anaikapo chaka chatha ndipo ikuyendabe. Safunsa anadya phula.

Za mlamu wanu. Maganizo ake si oipa, koma afulumira. Injini yakale yobwera m'kontena ndi ya zaka zoposa 20 ngati yanu yomweyo, ndi hedi ya mtundu womwewo, ndipo simudziwa kuti inawira kangati isanakwere sitima. Yanuyo mukuidziwa. Injini ina ndimailangiza pokhapokha kumunsi kwawonongeka: konirodi yapindika, masilinda akalika, crankshaft yadyeka chifukwa cha madzi mu oyilo, kapena buloko yang'ambika. Makaniko akatsitsa hedi ayeze mapisitoni onse anayi ali pamwamba. Imodzi ikatsalira pansi kuposa inzake, konirodi yake yapita. Ngati oyilo anasanduka tiyi, sampu itsike aone mabering'i. Mukaphatikiza hedi yatsopano ndi kukonza kumunsi n'kupeza kuti mtengo ukuyandikira wa injini ina, pamenepo mlamu wanu wawina. Ndipo mukamagula, muione ikulira, muyeze kompuresheni, mulembetse masiku oibweza ikavuta.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti anthu amawononga ndalama zonsezi n'kusiya chigawenga chili momwemo. Galimoto yanu inakwerapo Khwekhwerere kambirimbiri osawira. Tsiku limenelo chinasintha n'chiyani? Woyamba kumukayikira ndi rediyeta. Madzi a pamjigo ndi a pachitsime ali ndi mchere womwe umakhuthala m'timapaipi monga umachitira m'ketulo, ndipo popanda kulanti dzimbiri limadya m'kati mpaka mapiko a pampu ya madzi kutha. Rediyeta yotere pamsewu wosalala imakwanitsa, paphiri imagonja. Itsegulidwe itsukidwe, kapena igulidwe ina ngati yafumbwa. Yang'ananinso kunja kwake, pakati pa iyo ndi kondensa ya AC, pomwe pamadzaza matope, udzu ndi tizilombo. Wachiwiri ndi fani. Fani ya injini yanu ili ndi kilatchi ya mafuta pakati, yomwe imagwira injini ikatentha. Mafutawo akatha fani imazungulirabe, maso n'kumati zili bwino, koma siikoka mphepo. Fani yamoyo imabangula injini ikatentha paphiri, yanu munaimva? Wachitatu ndi chivundikiro. Kumtunda kwa Dedza, mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, madzi a mumphika amawira pa madigiri 95. Chivundikiro chabwino, cha 0.9 kapena 1.1 bar, chimawagwira mpaka cha m'ma 120. Kalabala kake kakatha, mwataya madigiri oposa 20 chifukwa cha kachinthu kotchipa kuposa thumba limodzi la kachewere.

Ndiye pali mwambo wathu uja wochotsa thermostat, kavavu kotsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha, ati kuno n'kotentha siifunika. Ndimakangana nawo anzanga pa nkhani imeneyi chaka ndi chaka. Pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso njira yachidule yomwe madzi amazungulira osapita ku rediyeta. Mukaichotsa, madzi ena amangozungulira m'injini momwemo, ndipo m'mawa injini imachedwa kutentha, n'kumadya mafuta ndi kudzidya yokha. Ikani yatsopano. Dzira, ufa, sopo, tsabola ndi mankhwala a m'botolo omata gasiketi, zonsezi zisayandikire rediyeta yanu. Sizingatseke mng'alu womwe ukuombedwa ndi moto wa dizilo, koma timapaipi ta rediyeta ndi ta hita zimatseka bwino kwambiri. Ngati wina anagwirapo pampu ya dizilo kuti galimoto ikhale ndi mphamvu, kapena ikufuka utsi wakuda pokwera, ma injector ndi pampuyo apite kwa akatswiri ake, chifukwa mafuta ochuluka amaotcha hedi ngakhale madzi ali odzaza.

Geji ya pa dashibodi musamaikhulupirire kwambiri. Pa galimoto zambiri za nthawi imeneyo muvi umakhala pakati kwa nthawi yaitali injini ikutentherabe, ndipo ukamanyamuka zinthu zimakhala zafika kale patali. Choipa kwambiri, madzi akatheratu sensa imatsala pouma ndipo muvi ungathe kutsika, inu n'kumati yazizira. Kwa munthu wokwera Khwekhwerere, Chiweta kapena phiri la ku Chikwawa ndi katundu mu October, kageji kapadera ka manambala, kapena kabelu kolira madzi akatsika, ndi ndalama yochepa kwambiri pa bilu yonseyi. Pokwera musaumirize giya yaikulu injini ikubuula. Tsitsani giya kuti fani ndi pampu zizungulire mwamsanga, ndipo AC izime. Muvi ukayamba kukwera, patukani, yatsani hita mpaka kumapeto, injini ilire pang'onopang'ono ngati madzi akadalimo. Ngati akutayika, zimitsani. Dikirani mphindi 30 kapena kuposerapo musanakhudze chivundikiro, chifukwa ndaona nkhope ndi manja zosupuka ndi madzi a rediyeta, ndipo zimenezo n'za kuchipatala, osati ku galaja.

Ntchito ikatha, aonetsetse kuti mpweya wonse watuluka m'njira za madzi, hita ili yotsegula. Muthire kulanti wosakaniza theka ndi theka ndi madzi opanda mchere, monga a batire kapena a mvula osefa. Ngati madzi analowa mu oyilo, musinthenso oyilo ndi fyuluta mukayenda makilomita 500 mpaka 1,000. Kwa masabata awiri oyamba, m'mawa uliwonse injini ili yozizira, yang'anani madzi mu rediyeta mwenimwenimo, osati m'kabotolo kokha, ndipo finyani paipi yapamwamba: izikhala yofewa. Mukaona madzi akutsikanso, thovu, kapena paipi yagona youma usiku wonse, bwererani tsiku lomwelo ntchito ikadali m'manja mwa makaniko. Ulendo woyamba wa kunyanja mupite ndi theka la katundu, ndipo phiri mulikwere m'mamawa. Gasiketi yakale ndi pepala la zotsatira za kwa oyeza hedi muzitenge musunge; mukandilemberanso mundiuze kuti gasiketiyo inapsa pa silinda iti, komanso zomwe anapeza atatsegula rediyeta.